Tidikire Atsopano

Loweruka lililonse pakhonde la golosale ina ku Chileka pamakumana kagulu ka anthu oonera mbalame. Mamembala alipo anayi, magalasi oonera patali alipo amodzi, ndipo mbali yakumanzere inachita nkhungu kalekale. Woyang'ana amatsinzina diso limodzi, enawo n'kumamufunsa zomwe akuona.

Za mbalame sakambapo kwenikweni. Nkhani imakhala ya magalasi amene sanatuluke n'komwe kufakitale.

"Achimwene, 8x42 yatha fasho," amayamba wapampando, mphunzitsi wopuma. "8 ndiye kuti chinthu chikukula kasanu n'katatu, 42 ndi mamilimita a galasi lakutsogolo. A Zeiss ku Germany akuphika zina zoopsa. Ndamva."

"Mwamva kwa ndani, aphunzitsi?"

"Mlamu wanga ali pabwalo la ndege."

Mlamuyo alidi pabwalo la ndege. Amatchetcha udzu kunja kwa mpanda.

Sabata yatha membala wa ku Lirangwe anatsika minibasi akupumira m'mwamba, foni ili m'manja. Anali atangomva za AX Visio, magalasi amene kampani ya Swarovski ya ku Austria inatulutsa mu 2024. Ukangoloza mbalame, amakuuza okha dzina lake, ndipo amadziwa mitundu yoposa 9,000. Atangotuluka, mtengo unali madola pafupifupi 4,800.

Panali zii. Wina anayamba kuwerengera m'makwacha, koma atakumbukira kuti ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anabweza cholembera m'thumba.

"Mtengo si vuto," anatero wapampando, amene ali ndi ngongole ya shuga pagolosale pomwepo. "Malawi yense ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Tilipirirenji mbalame za eni? Tidikire atsopano."

Onse anavomera. Mwini golosale anapempha kuti atsopanowo azidzatchulanso mayina a angongole akamazembera kuseri kwa chigayo. Wapampando anati mfundo imeneyo siili pa ajenda. Ulendo wa kuphiri la Michiru, lomwe likuonekera pakhonde pomwepo, anausunthanso: munthu sungakaonekere kwa mbalame ndi zipangizo zachikale.

Kamnyamata kobusa mbuzi, legeni ili m'khosi, kanaima n'kutchera khutu. "Uyo ndi pumbwa. Zinazo ndi mpheta. Koma nkhuku zikulira chonchi, ndiye kuti kabawi ali pafupi."

"Iwe, choka apa! Akuluakulu akukamba za mbalame."

Mitu yonse inayi inali itaweramira pafoni pamene chinthu chinatsika kuti psiti, n'kunyamuka ndi mwanapiye wa mayi a pagolosale. Mayiwo anatuluka ndi chikho m'manja.

"Inu akatswiri, chanditengera nkhuku n'chiyani?"

Wapampando anapukuta magalasi ndi malaya, natsinzina diso, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mayi, ndi awawa sitingatsimikize."

"Chabwino, aphunzitsi. Nanunso shuga wapangongole mudikire watsopano."