Ulemu kwa a Kaphokoso a mu injini

Mwa onse amene amayankhula m'dziko muno, pawailesi, pamsonkhano ngakhale pamaliro, palibe amene amanena zoona mosaopa nkhope ya munthu ngati a Kaphokoso a mu injini ya njinga yamoto. Sadikira kuti wapampando awaloze. Salandira alawansi. Amangoti tiki-tiki-tiki, ndipo mwini njinga, amene amaimba mluzu posachedwapa, amangoti duu, khutu litalunjika kunsi kwa thanki. Tawatukwana mokwanira akuluakuluwa. Lero tiwavulire chipewa.

Luso lawo loyamba ndi kudziwa nthawi. Safika muli pa Biwi kapena ku Ndirande, kumene masipanala ali mbwee. Amadikira mudutse Jenda, mulowe Chikangawa, chifunga chitatseka msewu, netiweki itathawa. Apo ayi, amakupezani pakati pa chitunda cha Chiweta, kapena pa Khwekhwerere mukuchokera ku Golomoti. Mukabwerera m'tauni n'kuwatengera kwa makaniko, iwo kukamwa tseke. Mumaliza injini, mumakoka moto, njinga ikungolira bwinobwino. "Bwana, iyitu ili fiti." Ndiye mumayamba kuimba nokha: "Ayi achimwene, imachita kuti tiki-tiki, kenako tcherere." Bambo wa ana akuluakulu, mkulu wa mpingo, kutsanzira chitsulo pamaso pa anyamata a pagalaja! Ndani wina angakuchepetseni chotere osakukhudzani n'chala chomwe?

Komatu a Kaphokoso ndi banja lalikulu, ndipo aliyense amabwera ndi mlandu wake. Wa tiki-tiki wa kumutu kwa injini, amene amafulumira mukakoka moto, nthawi zambiri ndi matapeti: kampata ka pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha kakula. Wa tcherere wa m'mbali, pa njinga zokhala ndi tcheni cha m'kati monga Boxer, ndi tcheni cha taimingi chimene chakhwepa. Wa khwa-khwa wa m'mawa, amene amachepa injini ikatentha, ndi pisitoni imene yayamba kusewera mu silinda. Wa tsiri-tsiri wa pachitunda, mukukwera pa giya yaikulu mutanyamula thumba la chimanga ndi apongozi pamwamba, ndi petulo amene akuphulika mosalongosoka. Tsitsani giya, iye akhala pansi. Ndiye pali agogo awo onse, a gu-gu-gu a pansi penipeni, amene mumawamva m'mapazi musanawamve m'khutu. Iwowa ndi beringi ya konirodi. Agogowa akayankhula, munthu satsutsa. Amazimitsa injini n'kuyamba kuganiza za mbuzi yoti agulitse.

Makaniko wodziwa ntchito amawalandira mwaulemu alendo onsewa. Amatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kutsamiza kukhutu, maso tsinzi. Amasuntha pang'onopang'ono, kumutu, m'mbali, pansi, chifukwa chitsulo chimanyamula phokoso kuchokera pomwe labadwira. Pa nthawi imeneyi n'kuti khamu litasonkhana, ndipo apa ndi pomwe a Kaphokoso amaonetsa chifundo chawo: aliyense amamupatsa digiri. Wogulitsa tchipisi ali ndi maganizo. Wometa ali ndi maganizo. Aneba anga, amene ankayenda wapansi mpaka chaka chatha, amapinda manja kumbuyo n'kugamula kuti, "Amenewo ndi maring'i." Kwa iwo chilichonse ndi maring'i. Tayala likaphwa, ndi maring'i.

Aneba omwewa ndi amene anandionetsa chodabwitsa chimene ndimachikonda koposa pa nkhani yonseyi. Atagula njinga yawo, tiki-tiki wa matapeti anawasowetsa tulo. Anapita kwa makaniko n'kulamula kuti, "Mangani mpaka zisiye." Makaniko anayesa kufotokoza, koma wolipira ndiye bwana. Anamanga. Njinga inatuluka pagalaja ili zii, aneba akumwetulira msewu wonse.

Chimene sanafune kumva n'chakuti kampata kaja sikanaikidwe mwangozi. Pa injini za mtundu wa CG, umene njinga zambiri zochokera ku China zinatengera, kampatako kamakhala pafupifupi mamilimita 0.08, ndipo amakayeza injini ili yozizira. Anyamata ena opanda timalata toyezera amangolowetsapo lezala, poti kuchindikala kwake sikuli kutali ndi pamenepo. Chitsulo chikatentha chimakula, ndiye kampatako ndi malo okulira. Kakatsekedwa, valavu siikhala pampando wake bwinobwino. Pamenepo mphamvu imathawa, ndipo valavu yotulutsa utsi, imene imazizira pokhudza mpando wakewo, imayamba kupsa. Kupsa kwake n'kwa mwakachetechete, kopanda chenjezo. Akuluakulu anati mwana wosalira amafera mu mbereko, ndipo valavu ndi mwana wotero. Tiki-tiki wopepuka uja anali kunena kuti, "Ndilipo, ndikupuma." Aneba analipira ndalama kuti amutseke pakamwa. Masiku ano njinga yawo siichitadi phokoso m'mawa, chifukwa amachita kuikankha, ana atatu kumbuyo, mpaka pachitsikira cha kuchigayo.

Tsono ndilekeze kaye nthabwala, chifukwa pa oyilo pali zondipsetsa mtima. Injini yaing'ono ngati iyi imangomwa pafupifupi lita imodzi, koma lita imodziyo imagwira ntchito zitatu: imafewetsa injini, imafewetsa magiya, ndipo kilatchi imasamba momwemo. Popeza mulibe madzi oziziritsa, oyilo yemweyo amathandizanso kunyamula kutentha. Honda atatulutsa CG125 mu 1975, anali atatumiza anthu ake m'maiko osauka kukaona mmene njinga zimasamalidwira, ndipo anapeza kuti ambiri amayendera oyilo mpaka atasanduka phala. Anapanga injini yopirira nkhanza. Ife tinamva ngati akutiputa, ndipo takhala tikuyesa kupeza pamene kupirirako kumathera.

Buku limati musinthe oyilo mukayenda makilomita akutiakuti. Koma mita inafa mwezi woyamba, ndipo palibe anaipitira kumaliro. Kandodo koyezera kalipo, kaulere: imikani njinga chilili, kapukuteni, kalowetseni, onani. Ndi ntchito yosatha mphindi, koma ilibe makasitomala. Oyilo akachepa, timaonjezera wa m'botolo la zakumwa wa m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, wopanda kwawo, amene mwina anatuluka mu lole dzulo lomweli. Uja wakuda amene ankayenera kukapakidwa pa mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, ife timamubwezera mu injini. Ena mwa chikondi amathira oyilo wodula wa galimoto, wokhala ndi mankhwala oterereka, kilatchi n'kuyamba kutsetsereka pachitunda. Chonsecho pa botolo la oyilo wa njinga pamalembedwa poyera kuti JASO MA. Pansi pa injini pali kasefa ka waya kokhala ndi sipuling'i, kamene eni njinga ambiri sanakaonepo. Katsukeni tsiku lina. Mukapezamo tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti agogo aja anyamuka kale kwawo.

Oyilo nayenso amayankhula, kungoti alibe mawu. Utsi wabuluu ku ekizozi ukutanthauza kuti injini ikumuwotcha, ndipo apa pokha aneba akhoza kulasa ndi maring'i awo. Oyilo akasanduka woyera ngati chambiko mutawoloka mtsinje nthawi ya dzinja, mwalowa madzi. Munthu sanamve zonsezi, ndiye a Kaphokoso amabwera kudzabwereza mokweza. Mayankho athu ndi awiri. Wofuna kugulitsa njinga amathira oyilo wolemera kwambiri kuti phokoso ligone mpaka wogula akafike kwawo. Mnyamata wa kabaza amamangirira sipika pa chiwongolero n'kukweza nyimbo.

Nanga mabwana a m'maofesi ena? Njinga za pulojekiti zimabwera zonyezimira, amazilandira ndi zolankhula ndi zithunzi. Ndalama ya sevisi imalembedwa mwezi ndi mwezi, siginecha ili bwinobwino, chidindo chili pomwepo. Oyilo yekha ndiye safika. Mlangizi akadandaula kuti njinga ikugogoda, amamuuza kuti alembe kalata. Pitani kuseri kwa ofesi mukaone: zandanda pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira pamipando. Malipoti onse anati zinthu zili bwino; amene ananena zoona ndi a Kaphokoso okha, ndipo iwo sakhala nawo pamisonkhano ya bajeti.

Musaganize kuti amangozunza amphawi. Onani azungu a njinga zikuluzikulu za BMW, amene amayenda kuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town, kulowera pa Songwe, kudutsa Karonga, kukagona ku Chitimba kapena ku Nkhata Bay. Injini zawo zija, za masilinda awiri otuluka m'mbali, zimachita tiki-tiki mwachibadwa. Koma munthu akakhala yekha m'chisoti tsiku lonse, khutu limayamba kupeka nkhani. Madzulo, nyanja ili apo, chambo chili pamoto, iye ali chafufumimba pamchenga ndi tochi, kusuzumira kagalasi koonetsa oyilo, kenako kufunsa anzake a ku Germany pa intaneti. Ana a m'mudzi amamuzungulira mwachisoni, poganiza kuti wataya ndalama. Njinga yake ingagule za kabaza mzere wonse, koma nkhope yake ndi ya aneba anga ndendende.

Tsono inu aneba, poti ndikudziwa kuti mumawerenga nyuzipepala yanga ndisanaimalize: njinga ikalira pachitsikira paja, musamaikokere moto mpaka kumapeto ili yozizira. Oyilo amakhala asanakwere kumutu, ndipo ife timakhala tisanadzuke. Pitani mukapepese kwa makaniko uja, akakubwezereni kampata kanu, mwina valavu ikadali ndi moyo. Pobwerera mudzere kuno ndi sipanala yanga ya 10 ija.