Kuthawa London

Anthu otopa ndi phokoso la London amasamukira ku Brighton, m'mphepete mwa nyanja, ati kuti azikapuma mpweya wabwino. Nzeru zimenezi ine ndazisirira. Amadzuka kusanache n'kukwera sitima pafupifupi ola lathunthu, ena chiimire, kupita kuntchito ku London komwe anathawa kuja. Nthawi yachisanu amabwerako kutada, nyanja n'kungoimvera mkokomo. Loweruka kukawala dzuwa satulukanso, poti gombe, lomwe ndi la miyala osati mchenga, ladzaza ndi alendo ochokera ku London. Amene akuidyerera nyanjayo ndi mbalame zotsomphola tchipisi m'manja mwa anthu, zosalipira lendi ngakhale tikiti. Enafe tikusungabe ndalama zoti tidzasamukire komweko.