Mwini filimu wafa, tibwezereni ndalama zathu

Kuno ku Chipangali tili ndi malamulo amene sanalembedwe m'buku lililonse koma aliyense amawadziwa. Lalikulu mwa onsewo ndi lakuti mwini filimu safa. Amuwombere pachifuwa, amugwetse kuchoka pamwamba pa nyumba yosanja, ife oonera timangotafuna nzimbe zathu mtima uli m'malo, podziwa kuti adzuka. Lamuloli ndakula nalo kuyambira masiku a makaseti, pamene tinkathithikana m'kanyumba kotchinga mawindo ndi mabulangete, jenereta ikulira kuseri.

Pa nkhani za karate ine ndine munthu womveka m'dera lino. Sindinamenyepo munthu, ndipo amene anandimenyapo alipo angapo, koma kudziwa ndimadziwa. Ndimadziwa kuti Bruce Lee anamwalira mu 1973, chaka chomwe Enter the Dragon inatuluka. Ndimadziwa kuti Jackie Chan anatchuka ndi Drunken Master mu 1978. Mkangano wa mafilimu ukabuka pa bawo, anthu amatuma mwana kudzandiitana, ndipo ine ndimayamba ndavala jekete.

Tsono mwana wa mlongo wanga, amene amapalasa njinga yonyamula anthu ku Chipata cha ku Kapata, anabwera ndi filimu m'foni mwake. Anati, “Amalume, iyi ndi ya karate, koma ya ku Uganda.” Ndinaseka mpaka kutsokomola. Karate ya ku Uganda! Ndinamuuza mwanayo kuti ku Uganda kumachokera nthochi, karate imachokera ku China ndi ku Japan, ndipo asamanamize akulu. Iye anangoti dzina lake ndi Who Killed Captain Alex?, ndiye kuti funso lofunsa amene anapha Captain Alex, ndipo inapangidwa mu 2010 ku Kampala.

Madzulo ake mwini golosale, amene ali ndi sola ndi batire lalikulu, anaika TV pa kauntala. Polowa K2, ana K1, ndipo wobwera ndi mpando wake sachotseredwa kanthu. Ine anandipatsa malo a kutsogolo monga katswiri, ngakhale kuti K2 yanga anailandira ndithu.

Vuto loyamba linali mawu. Osewerawo amalankhula Chiganda. Pamwamba pawo pali munthu wina, VJ Emmie, amene amafotokoza m'Chingelezi, kwinaku akuseka, akukuwa, akunyoza osewera a filimu yake yomwe. Zimenezi sizinatidabwitse kwenikweni, chifukwa tinazolowera mafilimu omasulira ochokera ku Malawi amene amatipeza kudzera pa Mwami, mmene Tchaina wa ndevu zoyera amadandaula m'Chichewa kuti ndiwo zachepa mchere. Koma Chingelezi cha bambo uyu chinkathamanga, choncho aphunzitsi athu opuma pantchito anadzipereka kumasulira. Iwo samasulira asanakonze galamala ya wolankhulayo. Ine pambali ndinkafotokoza dzina la chibakera chilichonse. Panali pakamwa panayi pa filimu imodzi, ndipo agogo ena anatuluka n'kukaonera pawindo kuti amvetse bwino.

Nkhani yake njosavuta. Captain Alex ndi msilikali amene watumidwa kukathana ndi gulu la zigawenga lotchedwa Tiger Mafia, lomwe bwana wake ndi Richard. Asilikali agwira mbale wake wa Richard, Richard wapenga ndi mkwiyo, zipolopolo zayamba. Ndipo zikayamba sizisiya.

Woyamba kutsutsa anali alamu anga, okonza njinga. Anaimirira n'kuloza TV.

“Alamu, imeneyo si mfuti. Ndi paipi. Ndikuiona pamene anawotcherera.”

Anthu anawazazira kuti akhale pansi, koma munthuyo amadziwa chitsulo. Mfuti za m'mafilimu a anyamata amenewa amazipanga okha ndi zitsulo zotola ndi mitengo. Alamu anakhala pansi monyadira, ndipo kuyambira pamenepo filimu sanaionerenso, ankangowerengera zipangizo. Pofika kumapeto anali atapeza zokwanira kumanga njinga ziwiri.

Kenako inabwera helikopita. Abale anga, ndege imeneyo ndi yojambula pa kompyuta, ndipo ngakhale mwana wa giredi 1 angaone kuti yangomatidwa pamwamba pa nyumba za Kampala. Ikaponya bomba, nyumba imaphwanyika moto uli lawilawi koma mitengo ya pafupi osagwedezeka ngakhale tsamba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipereke chigamulo cha katswiri, koma nditacheuka ndinapeza ana onse aimirira pa benchi akuwomba m'manja, ndipo amayi ena ogulitsa vitumbuwa abisa mutu pansi pa chitenje. Chigamulo changa ndinachimeza.

Chipwirikiti chenicheni chinabuka filimu isanafike n'komwe kumapeto. Captain Alex anapezeka atafa. Ine ndinakweza dzanja kuti ndikhazike anthu mtima pansi.

“Musadere nkhawa,” ndinatero. “Akunamizira. Mwini filimu safa. Muona adzuka pompano.”

Tinadikira. Nzimbe zinatha. Munthuyo sanadzuke. M'malo mwake kunatulukira mbale wake, Bruce U, wophunzira za Shaolin wa ku Uganda komweko, kudzabwezera. Maso onse m'golosalemo anachoka pa TV n'kutera pa jekete langa. Mnyamata wina, amene ndinamuona akubadwa, anafunsa mokweza kuti, “Asibweni, nanga mwati adzuka liti?” Ndinayankha kuti mafilimu a ku East Africa ali ndi malamulo awoawo, zimene ndinazidziwa nthawi yomweyo.

Ndipo filimu inatha osatiuza amene anapha Captain Alex. Funso lili pa dzina la filimu, mwalipira K2, mwakhala kopitirira ola pa benchi lopanda choyedzamira, yankho palibe. Alamu anafuna ndalama zawo. Mwini golosale anati iye amagulitsa kuonera, mayankho sagulitsa. Nduna ina ya amfumu inati mlandu wotere sukanagona kuno: mukaitana onse amene anadya ndi malemu tsiku limenelo, pofika madzulo wina waulula. Amayi a vitumbuwa aja anati chimene chawapweteka iwo ndi maliro. Munthu wamkulu chotero, kaputeni wathunthu, anthu osakhala pansi n'kulira mwaulemu, aliyense kuthamangira mfuti. Aphunzitsi anati filimuyo ndi fanizo la ndale za mu Africa, koma iwo amanena zomwezo ngakhale pa mpira.

Ine, pofuna kutola ulemu wanga umene unali utagwera pansi pa benchi, ndinalengeza kuti iyi si filimu, ndi masewera a ana. Ndinapita kunyumba ndi mawu omwewo, n'kuwabwereza kwa mayi a kunyumba uku akupakula nsima. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati:

“Bambo a ana, Tchaina akauluka kuchoka pansi mpaka pansonga ya nsungwi mumati ndi luso. Wakuda mnzanu akaponya mwendo mumati ndi bodza. Bodza lake ndi liti pamenepa?”

Ndinati ndiwo zachepa mchere.

Komabe usiku mawuwo anandisowetsa tulo. Anyamata a ku Uganda aja amamenyadi, ndipo palibe chingwe chowanyamula. Akagwa amagwera pa dothi lenileni, m'matope enieni, pafupi ndi ngalande ndi nyumba za njerwa zosapaka pulasitala. Ndikuganiza kuti chimene chinatipatsa mphamvu zotsutsa n'chomwecho. Malo a ku Hong Kong sitiwadziwa, choncho chilichonse chochitika kumeneko timavomera. Koma bwalo la m'filimu iyi likufanana ndi kuseri kwa msika wa pa Mgubudu, ndipo womenyayo akufanana ndi mwana wa aneba. Mwana wa aneba ndiye sitingamulole kuti adziwe kanthu.

Ndimadziwa kuwawa kwa kugwa pa dothi lenileni. Ndili mnyamata, nditaonera Drunken Master, ndinaona kuti mwa masitayilo onse a karate iyi yokha ndiyo zipangizo zake zimapezeka m'mudzi mwathu. Ndinagula kachasu, ndinamwa monga amasitala a m'filimumo, ndinapita pabwalo kukayesa. Gawo la kudzandira ndinalikhoza bwino kwambiri, mwina kuposa Jackie Chan. Gawo la kumenya silinafike, chifukwa tonde wa amalume anandipeza ndisanakonzeke. Mpaka lero kukazizira m'mwezi wa June chiuno chimandikumbutsa za mbuzi imeneyo.

M'mawa mwake mwana wa mlongo wanga anandiwonjezera manyazi pondiuza mbiri ya filimuyo. Anaipanga ndi Isaac Nabwana, bambo wa ku Wakaliga, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala, n'chifukwa chake malo awo opangira mafilimu amawatcha Wakaliwood. Munthuyu ankaumba njerwa. Filimu yonseyo, ndi helikopita yake yomwe, inadya ndalama zosapitirira madola 200 a ku America, ndalama zimene kuno zimathera pa matumba ochepa a feteleza fodya asanafike m'chigafa. Kompyuta yolumikizira zithunzi anachita kumanga yekha ndi zidutswa za makompyuta akale, ndipo atamaliza anafufuta filimuyo kuti apeze malo a filimu ina, moti imene dziko likuonera lero inachokera pa DVD. Mzungu wina wa ku New York, Alan Hofmanis, ataona kachidutswa kake pa YouTube, ananyamuka kupita ku Kampala n'kukakhala nawo, mpaka kumasewera nawo m'mafilimu. Mu 2019 filimu yawo ina, Crazy World, inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Toronto, m'dziko la Canada. Ine njerwa ndaumbapo zambiri, koma chimene chinatulukapo ndi chimbudzi chimodzi chopendekeka.

Loweruka lotsatira mwini golosale anaionetsanso, ndipo mtengo unakwera kufika K3. Onse amene ankafuna kubwezeredwa ndalama analipo, alamu ali kutsogolo. Iwo anati abwera kudzaonetsetsa paipi ija. Nduna ya amfumu inati ikufufuza mlandu. Ine ndinati ndabwera kuperekeza ana, ngakhale kuti ana anga anali kumunda ndi amayi awo.

Tsopano achinyamata a m'mudzi muno atenthedwa mitu, akuti nawonso apanga yawo ndi foni. Alamu alonjeza mfuti zisanu ndi imodzi. Amayi a vitumbuwa avomera kulira maliro, koma mwaulemu. Chovuta n'chakuti aliyense akufuna kukhala mwini filimu ndipo palibe amene akufuna kufa, chifukwa kuno ukagona pansi n'kufunditsidwa nsalu, ngakhale mwamasewera, mawa lake azakhali ako afika kuchokera ku Lundazi akulira. Atakambirana kwa nthawi yaitali anagwirizana kuti gawo la mtembo alipereke kwa munthu wodziwa kwambiri za mafilimu, amenenso ali ndi mbiri yodziwa kugwa. Anatuma mwana kudzandiitana.

Ndavomera, koma ndapempha zinthu ziwiri: andigoneke pa mphasa, ndipo pafupi pasakhale mbuzi. Inu owerenga, filimuyi ikadzafika kwanuko mudzalipire K2 yanu mosanyinyirika, ndipo mukadzaona bambo wa jekete ali gone pansi musadzavutike kudikira kuti adzuka.