Ndevu Zikupsa ku Chilobwe, Fungo Lafika ku Wadeville

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ankanena izi mnzakoyo ali khomo loyandikana, ndevu zikayaka fungo unkalimva ndi mphuno zako. Masiku ano ndevu zimapsa ku Chilobwe, m'bale wa mwini ndevuzo ali pa shifiti ya usiku ku Wadeville, koma fungo limamupeza ndithu kudzera pa WhatsApp.

Amalawi a kuno ku Joni, ife otuluka thukuta m'mafakitale a Wadeville n'kumakagona ku Germiston, Katlehong kapena Vosloorus, tikamva za kusintha kwa nyengo timati imeneyo ndi nkhani ya anthu okhuta. Ife tikulimbana ndi lendi. Chabwino. Nanga mu Marichi 2023, namondwe Freddy atatsitsa matope m'phiri la Soche n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, foni inalira ya ndani? Mu 2024, ng'amba ya El Niño itaumitsa chimanga, boma la Malawi n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, amene anaima pamzere ku Mukuru ndani? Ndinu nomwe achimwene. Ndevu zimapsa za amalume, koma zipsera zimaoneka m'chikwama chanu.

Motowo sukuchokera patali. Magetsi ambiri a Eskom amapangidwa potentha malasha, makamaka ku Mpumalanga, kumalo monga Kendal, Duvha ndi Kusile. Mpweya wotuluka kumeneko umatsekereza kutentha mumlengalenga, nyanja zimafunda, anamondwe amanenepa, mvula n'kuiwala kalendala. Kunoko mpweya unaipa kale, moti mu 2007 boma linaika Ekurhuleni m'dera lotchedwa Highveld Priority Area. Choncho mukadzaza ketulo mpaka kukhosi pofuna kapu imodzi yokha ya tiyi, dziwani kuti mukukupizira moto pachibwano cha amalume.

Kuzima kwake sikufuna digiri. Thirani m'ketulo madzi amene mumwe. Nyemba ziviikeni usiku, musamalimbane nazo maola atatu pa sitovu ngati muli nazo mlandu, ndipo poto muzimuvundikira. Hita isamachezere usiku wonse mu Juni bulangete lili pheee m'sutikesi kudikira ulendo wa Disembala. Ngati mumaotha mbaula ya malasha, yatsani monga amachitira agogo a kuno mwa njira ya basa njengo magogo: malasha pansi, mapepala ndi nkhuni pamwamba, moto uziyaka chotsika. Utsi umachepa ndipo malasha amakhalitsa. Koma mbaula musagone nayo m'chipinda chotseka, chifukwa kumudzi akudikira ndalama, osati bokosi.

Tsopano tifike pa nkhani ya mabotolo a Loweruka. Ku Wadeville komwe kuno kuli fakitale ya mabotolo imene ambiri timaidziwa ndi dzina lakale la Consol. Galasi lakale limasungunuka ndi moto wochepa poyerekeza ndi mchenga watsopano. Ndiye mabotolo, zitini ndi makatoni muziziika pazokha, anzathu okoka matirole m'mawamawa aja azitenge osachita kupisa manja m'nsima yowola. Iwowo ndiwo akuzima ndevu za tonsefe popanda wowathokoza. Inunso mudzakhala ndi choyankha kwa mayi a kunyumba: mabotolo onsewa ndi nkhani ya chilengedwe. Sakukhulupirirani, koma yesani.

Ndalama zopita kumudzi nazonso zili ndi mphamvu. Mabanja ambiri ku Malawi amaphikira nkhuni ndi makala, n'chifukwa chake mapiri a Ndirande ndi Soche anametedwa mpala kalekale. Ife tikamapita kwathu timasenza wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko kukaika m'nyumba yopanda magetsi, kuti anthu adziwe kuti Joni watikonda. Bwanji osatenga sola? Bwanji osawonjezera pang'ono kuti amayi agule chitetezo mbaula yosawononga nkhuni, ndiponso mbande za mitengo, poti nyengo yodzala imayamba mu Disembala momwemo?

Wina anena kuti ketulo yanga ichepa nazo, poti fakitale ya Sasol ku Secunda ili m'gulu la malo otulutsa mpweya woipa kwambiri padziko lonse. N'zoona, ndipo a ndevu zazitali amenewo ayenera kufunsidwa mwamphamvu. Msonkho wa mpweya woipa umene South Africa inakhazikitsa mu 2019 ndi chiyambi chabe. Koma mwambi uja sunati uyambe wafufuza amene wayatsa moto mnzako akupsa. Ndipo gawo lake lachiwiri lija, lakuti mawa adzazima zako, si nthabwala: mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira, osafunsa pasipoti ya munthu.

Choncho achimwene ndi achemwali, yambani lero madzulo mukaweruka: viikani nyemba, zimitsani magetsi m'chipinda mopanda munthu, patulani mabotolo, ndipo pa ndalama ya mwezi uno muuze akumudzi kuti ina ndi ya mitengo. Mukaimba foni mwezi wa mawa, mufunse kuti yadzalidwa ingati.