Matayala a alamu anga akhozanso mayeso

Galimoto yanga kwathu timaitchula kuti Agogo. Inabadwira ku Japan mu 2004, inagwira ntchito kumeneko mpaka kupuma, kenako inakwera sitima kukatsikira ku Dar es Salaam n'kulowa muno pa Songwe kuti idzathere ukalamba wake m'manja mwanga. Ndimaisamala monga tisamalira okalamba: sindiifunsa mafunso ambiri. Hutala imalira ikafuna yokha. Nyali yakumanzere imayaka ukaipatsa kambama. Handibuleki ndi mwala wina wosalala bwino umene umakhala pansi pa mpando, ndipo mwana wanga wachisamba amadziwa kudumpha n'kuuponya kuseri kwa tayala ndisanazimitse n'komwe injini.

Tonse m'banjamo tinazolowerana nazo izi. Vuto ndi kapepala kamene kamamatidwa pagalasi lakutsogolo, COF, kotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Kapepalaka kali ndi tsiku lothera, ndipo apolisi apamsewu amaliwerenga tsikuli ali patali kuposa mmene ine ndiwerengera dzina langa.

Tsiku loyezetsa litayandikira ndinachita zimene amachita munthu woitanidwa ku ukwati alibe jekete: ndinayenda m'makomo. Babu ndinabwereka kwa aneba. Waipa ndinazula pa galimoto ya mnzanga wakuntchito, poti kunalibe mitambo. Mathirayango awiri ofiira anachokera kwa mkulu wa mpingo, amene anandipatsa ndi vesi lomwe. Koma chuma chenicheni chinali matayala anayi a alamu anga, atsopano, a mano akuya mpaka chala kulowa. Anga ndi a kaunjika, dazi lake lofanana ndi langa.

"Alamu, pofika 4 koloko akhale atabwera," anatero. "Ndipo musadutse nawo m'maenje."

Mu Lilongwe muno, musadutse m'maenje! Ndinangovomera.

Kumalo oyezera ndinafika nditavala tayi, ngati kuti akuyeza ine. Mkulu woyeza sanaone n'komwe tayiyo. Anati yatsani nyali, ndinayatsa. Indiketa, inaphethira. Hutala, ndinapemphera chamumtima, ndipo Agogo anakuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Kenako mkuluyo analowa m'dzenje ndi tochi n'kuyamba kusuzumira kumimba kwa galimoto, kumene ine mwiniwake sindinayang'aneko chiigulireni. Ali m'dzenjemo anagogoda tayala limodzi n'kunena motsitsa mawu: "Matayala awa ndikukhala ngati ndikuwadziwa. Si aja anabwera sabata yatha ndi Sienta yoyera?"

Ndinati matayala amafanana, bwana, ngati ana a sukulu m'yunifolomu.

Chimene sindinathe kubwereka ndi mabuleki. Pali makina a zitsulo zozungulira pamene amakwezapo matayala awiriawiri. Zitsulozo zimazunguza matayala, iwe n'kuponda buleki, makinawo n'kuonetsa mphamvu imene tayala lililonse likugwira nayo. Lakumanja linagwira ngati munthu wangongole. Lakumanzere linangopitiriza kuzungulira, losangalala, losadziwa kuti kunja kuno kuli malamulo.

"Bambo, mukaponda buleki mwadzidzidzi, galimotoyi sithawira kumanja?"

Imathawira ndithu. Zaka zitatu ndakhala ndikuuza mayi a kunyumba kuti ndi khalidwe lake chabe, inazolowera misewu ya kwawo. Ndinayesa kufotokoza zomwezo. Mkuluyo anandikumbutsa kuti ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndipo kuti kumanja kumene Agogo amathawirako ndi kumene kumachokera mathiraki a mafuta. Ndinakhala chete. Ndinakumbukira tsiku lina pa M1, cha ku Linthipe, pamene mbuzi inadumphira pamsewu ine n'kupezeka ndaima mbali ya eni ake. Tsiku limenelo ndinatukwana mbuzi.

Ndinalephera mayeso. Makaniko wanga atamasula anapeza kuti mbali yakumanzere ija inagwira dzimbiri kalekale, ndipo mafuta a buleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anandiphunzitsa, mondilipiritsa, kuti mafuta amenewa amayamwa chinyezi akamakalamba. Ukamatsika phiri lalitali ukupondaponda, amatentha n'kuwira, phazi n'kungolowa mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Ndinalipira ndikudandaula, ndinakabwerekanso matayala aja, ndipo ulendo wachiwiri Agogo anakhoza. Ndinamata COF pagalasi, ndinaipukuta ndi tayi, ndipo madzulo omwewo ndinabweza katundu yense wa eni, n'kuvekanso Agogo nsapato zawo zadazi.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe ku Golomoti. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere akudziwa mmene umapindikira, ngati njoka yopondedwa mchira, phompho lili pambalipa. Ndinanyamula mayi a kunyumba, apongozi aakazi, thumba la ufa ndi nkhuku ziwiri. Mabuleki anagwira bwino lomwe, moti ndinayamba kudzitama kuti galimoto yoyezedwa imadziwika ndi kayendedwe. Titangomaliza phiri, pamalo athyathyathya, kunamveka phuu! Nkhuku zinakuwa, apongozi anaitana Yesu ndi mayina ake onse, ndipo tinakaima m'tchire motsimphina.

Mnyamata wakabaza amene anaima kudzatithandiza anagwada n'kuwerenga m'mbali mwa tayala lophulikalo. Akuti pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Langa linalembedwa 1211.

"Madala, ili ndi la 2011. Ndi mkulu wake wa mng'ono wanga amene ali Fomu 1."

Apongozi sananene kanthu. Anangotsika, n'kuyang'ana phiri limene tinali titangotsika, kenako kuyang'ana ine, kenako phirinso. Mayi a kunyumba analoza kapepala kapagalasi n'kufunsa mwaulemu kwambiri: "Bambo a ana, nanga satifiketi yanuyi sitingaipope?"

Sipeya nayo inali yophwa. Ndinaimbira alamu kuti anditumizireko tayala limodzi lokha pa minibasi.

"Pepani alamu," anatero, "onse anayi kulibe. Apita kukayezetsa ndi galimoto ya abusa."