Madiredi pa Mpondabwino

Magetsi anali atathima, ndiye makina m'babashopu ina pa Mpondabwino ku Zomba anangoti zii. Amene tinkadikira pabenchi, mmodzi mutu wometedwa mbali imodzi, tinalibe chochita mpaka panja panadutsa kamnyamata ka yunifolomu ya sukulu ya boma, madiredi atamangidwa bwinobwino kumbuyo.

"Nthawi yathu ahedi akanamumeta okha ndi sizasi pa asembule," anatero mdala wina. "Mwana wasukulu azioneka waukhondo."

Amene anatsutsa ndi wometa mwiniyo, munthu woti tsitsi losametalo likumudyera ndalama. "Achikulire, nkhaniyo inatha kukhoti. Ana a Chirasta akuphunzira."

Sananame. Mu Januwale 2020, jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu konkuno ku Zomba analamula kuti anawa alowe m'kalasi mlandu uli mkati. Chigamulo chenicheni chinabwera mu Meyi 2023: kukaniza mwana sukulu ya boma chifukwa cha madiredi n'kuphwanya ufulu wake wa maphunziro ndi wa chipembedzo. Unduna wa za Maphunziro unauzidwa kulembera masukulu onse pasanadutse pa 30 Juni chaka chomwecho.

Mdalayo sanagonje. "Ndiye makolo ake, bwanji osangomumeta kuti aphunzire?"

Apa m'pamene mayi wogulitsa mandasi pakhomopo analowererapo. "Bambo, inu mukunena za makolo, boma linkanena za lamulo lake. Nanga mwanayo ndani ankamunena? Anzake akulemba mayeso, iye ali pakhonde kudikira maloya. Zaka zimenezo amubwezera ndani?"

Palibe anayankha, ndipo ine ndinaona kuti mayiwo anena zimene gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limanena m'Chingerezi chovuta: pa chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo. Mawuwa alipo kalekale. Komabe panafunika maloya, mabungwe ndi zaka zingapo kukhoti kuti akuluakulu asiye kuyang'ana tsitsi, ayang'ane mwini mutu. Makolo ambiri sangafike kumeneko, ya minibasi yopitira kukhoti yomwe imawavuta.

Inu amene mumalemba malamulo a sukulu ku Capital Hill, musanasaine, muzifunsa kaye kuti lamulolo likhazika mwana wa yani pakhomo.