Malume, Mwafanso

Kubanja kwathu ntchito zimene timazidziwa ndi uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi kukwera basi ya ku Joni. Amene zonsezi zamukanika amabwerera kumunda wa kabichi ndi kachewere, monga ndinachitira ine, ndipo mphoto yake amapatsidwa udindo wolangiza ana a anzake za tsogolo. N'chifukwa chake mlongo wanga atamva zimene mwana wake wa Fomu 3 akufuna kudzachita akamaliza sukulu, sanapite kwa aphunzitsi kapena kwa abusa. Anandiflasha mpaka foni kutentha, ndipo nditaimba anangoti, “Achimwene, bwerani mudzamve nokha. Mwana wanuyu akuti adzakhala wa magemu.”

Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndinavala jekete la kutchalitchi n'kupalasa njinga, dambo lathunthu.

M'njira nkhaniyo inayamba kundikomera. Ndinkaganiza za tizisakasa tija ta pa boma la Ntcheu ndi pa Lizulu, m'mene anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa kanema, wina ali Manchester United wina Arsenal, onse osasamba. Ndinawerengera mumtima: TV imodzi, PlayStation yogwiritsidwapo kale, benchi, kajenereta. Wotolera ndalama pakhomo ayenera kukhala munthu wamkulu, wokhulupirika, wapachibale. Pofika n'kuti nditadzilemba kale ntchito.

“Ayi malume,” anatero mnyamatayo atandilandira njinga. “Sindikufuna kuseweretsa anthu magemu a eni ake. Ndikufuna ndizipanga anga.”

Kupanga? Ine ndinkayesa magemu amabadwira m'foni momwemo, limodzi ndi tochi ndi wotchi. Komatu musandione chonchi, pa za magemu ndili ndi mbiri. Kanjoka kaja ka mu Nokia 3310 ndinakalera ine. Pa siwa, azimayi akuimba m'nyumba, ife kuseri kwa nkhokwe tinkakadyetsa mpaka kudziluma mchira, nkhope zili ndwii kuti anamfedwa aone kuti zatikhudza. Nditamuuza zimenezi kuti adziwe kuti akulankhula ndi katswiri, anandifunsa ngati ndikumudziwa amene anakapanga. Anati ndi bambo wina wa ku Finland, Taneli Armanto, amene anakalemba mu 1997 ali pa ntchito ku kampaniyo. Ndiye kuti zaka zonsezi kunali munthu wolandira malipiro chifukwa chondilepheretsa ine kumva ulaliki wa pamaliro.

Ataona kuti dambo layamba kuphwa, anasonkhezera moto. Anandiuza za Tetris, gemu ya timatabwa togwa kuchokera kumwamba, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow mu 1984. Anandiuza za Minecraft, imene Markus Persson wa ku Sweden anaiyamba yekha mu 2009, ndipo a Microsoft anaigula mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. Ndinatulutsa foni kuti ndalamazo ndizisandutse makwacha, kenako matumba a feteleza, poti ndiyo ndalama imene mutu wanga umaimva. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu oterewa amafuna munthu wodya kaye. Maziro anasefukira pa sikirini, ine n'kubweza foni m'thumba mwaulemu.

“Onsewotu ndi azungu,” ndinatero, “kwawo magetsi sathawa.”

Yankho anali nalo kale. Ku Cameroon kuli a Kiro'o Games, amene anatulutsa gemu yotchedwa Aurion mu 2016. Ku Nigeria kuli a Maliyo Games, ku Ghana ndi Kenya a Leti Arts, onse akupanga magemu a nkhani za kwawo. Ndipo sanaiwale kutchula loya wa ana onse a m'dziko muno. Mwana aliyense akaphwasula wailesi ya bambo ake n'kulephera kuibwezeretsa, amathawira kwa William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14 mpaka nkhani yake kusanduka filimu mu 2019. Bambo ameneyu wapulumutsa ana ambiri ku mkwapulo kuposa mabungwe onse a za ufulu wa ana.

Ndinasolola mkondo womaliza, umene sulephera: sukulu. Ndinati ayambe wakhoza MSCE, zoseweretsazi adzaziona pambuyo. Anavomera msanga mpaka ndinachita mantha. Anati akufuna akhoze bwino masamu ndi fizikisi kuti akapeze malo ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre, kapena ku yunivesite ya ku Zomba, akaphunzire za makompyuta. Akuti kamunthu ka mu gemu kakadumpha, kuti katsike pansi bwinobwino osapitirira kumitambo, pamafunika masamu. Apa mlongo wanga anandiyang'ana. Iye yekha ndi amene akukumbukira chimene chinachitika pakati pa ine ndi masamu mu Sitandade 8, ndipo tinagwirizana kalekale kuti nkhaniyo tidzapita nayo kumanda.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamatayu alibe kompyuta. Ali ndi makope akale, foni ya mayi ake yong'aluka pakona, ndi laputopu ya msuweni wake imene amaibwereka pa holide. Anayambira pa Scratch, pulogalamu ya ana imene anaipanga a yunivesite ya MIT ku America, ndipo tsopano akulimbana ndi ina yaulere yotchedwa Godot. Bandulo ya usiku ndiyo yotchipa, choncho amadzuka pakati pa usiku n'kukaima pachulu pomwe netiweki imagwira. Mayi ake poyamba anaganiza za chibwenzi. Oyandikana nawo anaganiza zoopsa kuposa pamenepo, chifukwa kwathu munthu woima pachulu usiku nkhope ikuwala sitimufunsa za homuweki.

Patapita masabata angapo anabwera kwathu ndi kope, n'kuyamba kundifunsa mafunso. Kabichi amatenga nthawi yaitali bwanji kuti akhwime? Akadulidwa amatha masiku angati asanayambe kununkha? Mavenda a ku Blantyre ndi a ku Lilongwe amafika nthawi yanji pa Tsangano Turn-off? Mtengo umagwa liti? Chibadwire palibe amene anandifunsapo zinthu n'kumalemba mayankho anga, kupatula wapolisi wina. Ndinakhala pampando wa ndalema, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumufotokozera zonse: za matope a msewu wochokera ku Tsangano nthawi ya dzinja, za ngolo ikatitimira, za venda amene amayamba watukwana kabichi wako asanamugule, za pa Lizulu pamene ukangowoloka M1 wapezeka uli ku Mozambique wopanda pasipoti. Ndinauza mayi a kunyumba kuti asamandisokoneze, ndili pa ntchito ya ulangizi.

Gemuyo itatheka, anabwera nayo Lamlungu masana, banja lonse lilipo. Wosewera amakhala mlimi amene akuyenera kufikitsa ngolo ya kabichi pamsika dzuwa lisanapendeke. Mlimiyo anali wadazi, wamimba yotsogola, wovala majombo achikasu ndi jekete la kutchalitchi. Ana onse anayamba kugubuduka ndi phwete ndisanagwire n'komwe foniyo. Ndinafunsa kuti ameneyu ndani, iye n'kuyankha kuti ndi munthu wongopeka.

Gawo loyamba ngolo yanga inagwera mumtsinje. “Malume, mwafa.” Ndinayambiranso. Ng'ombe imodzi inauluka n'kukatera ku Mozambique, ndipo iye anati chimenecho ndi cholakwika chake, achikonza. Ndinayambiranso, n'kudutsa matope, n'kuzemba venda woyamba. Kenako m'mbali mwa msewu munaoneka mtengo, pansi pake madoda atazungulira bawo. Chala changa chinapita chokha. Kamlimi kanakhala pansi, dzuwa la mu gemu linathamanga, kabichi yense anasanduka wakuda. “Malume, mwafanso.”

Ndinadandaula kuti gemuyo ndi yabodza, mlimi weniweni sangasiye katundu pamsewu chifukwa cha bawo. Mayi a kunyumba, amene chiyambire anali chete akusenda kachewere, anati pa zonse zimene mwanayu wajambula, chimenecho chokha ndiye wachijambula ndendende.

Poti bawo yatchulidwa, ndinene pang'ono. Bolodi lake lili ndi maenje 32, mizere inayi, nkhomo 64, nyumba, malamulo a kudya ndi a kutakata. Zonsezi sizinagwe ndi mvula. Alipo munthu, kapena anthu, amene anakhala pansi n'kumayesa, kusintha, kukangana, mpaka masewerawo anakoma moti lero mdala wandevu zake amaiwala kuti anatumidwa mchere. Dzina lake sitilidziwa, ndipo ndikukayika ngati malume ake anamuyamikira. Ife tikakhala pa bawo tsiku lonse timati tikunola nzeru. Mwana akagwira foni theka la ola timati dziko latha.

Pali pamodzi pokha pamene ndinaimadi ngati malume. Anati gemu yake yachiwiri idzakhala ya Angoni a kwa Maseko, ulendo wawo wochokera kumwera, zishango, ingoma, mpaka imfa ya Inkosi Gomani Chikuse m'manja mwa atsamunda mu 1896. Ndinamuuza kuti kabichi angamuphe kangati konse, ine angandiphe kangati konse, koma inkosi siifa n'kudzukanso chifukwa mwana wadina batani. Ayambe wapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, akakhale pansi ndi akuluakulu, akafunse zimene zimanenedwa ndi zimene sizinenedwa. Anazilemba m'kope. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati alipo wina waona, koma onse anali kalikiliki kulimbirana foni kuti andigwetsere mumtsinje.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ndalama. Kuti munthu aike gemu pa Google Play amayamba walipira madola 25 olembetsera, ndipo madola masiku ano amaoneka mwa apo ndi apo. Akaiikapo, adzagula ndani? Ife Amalawi chinthu cha m'foni sitigula, timatumizirana. Funsani oimba athu, amene nyimbo zawo zimafika m'mamemori khadi a dziko lonse iwo akuyenda wapansi. Ndinamulangiza mwamphamvu kuti asamapereke ntchito yake ulere kwa aliyense, anthu aphunzire kulipira thukuta la mnzawo. Nditamaliza ndinamupempha anditumizire pa Bluetooth.

Tsopano gemuyo yafalikira mudzi wonse. Ana akandiona ndikukankha njinga amakuwa kuti ndisayang'ane kumtengo. Sabata yatha venda wina pa Tsangano Turn-off anakana mtengo wanga m'mawa, n'kundiuza mosabisa kuti adikira masana, chifukwa mwana wake anamuonetsa pa foni kuti dzuwa likafika paliwombo ndimagonja. Anadikiradi, ndipo ndinagonjadi.

Ku msonkhano wa banja anagamula kuti popeza ine ndi amene ndinatumidwa kukazimitsa moto n'kubwerako nditanyamula nkhuni, ndalama za kachewere wa chaka chino zithandize kugula laputopu. Ndinavomera, koma ndinaika mfundo imodzi: kamlimi kaja akachepetse mimba. Mnyamatayo wati zitheka laputopu ikabwera, chifukwa pa sikirini ya foni mimbayo siikwana yonse kuti aikonze.